Ntchentche za Miyendo Yaitali ndi Kazindikiridwe ka Mitundu Yake

Ntchentche sizili za mtundu umodzi ayi. Mwana aliyense adziwa ntchentche ya m'nyumba, imene itera pa zonyansa, nibwera nazo pa nsima ndi pa maso a makanda. Ambiri amvanso za kashembe, amene apatsa anthu nthenda ya kaodzera, nadwalitsa ng'ombe. Chifukwa cha ziwirizi tazolowera kuyesa ntchentche iliyonse mdani wathu. Koma zilipo ntchentche zina zimene sizitichitira choipa, ndipo zina mwa izo zitithandiza m'minda. Lero tiphunzira za fuko limodzi la zotere, ndilo ntchentche za miyendo yaitali. Tiphunziranso njira imene anthu a maphunziro atsata pofuna kudziwa mtundu uliwonse ndi dzina lake.

Maonekedwe ndi Makhalidwe

Mukapita kudimba dzuwa litakwera pang'ono, yang'anitsitsani pa masamba aakulu, monga a nthochi ndi a maungu. Mwina mudzaona kantchentche kowonda, kobiriwira, konyezimira ngati khosi la nkhunda padzuwa. Kaima pa miyendo yaitali, thupi lili m'mwamba, ndipo kathamanga pang'ono, nikaima, nikathamanganso. Mukasendeza dzanja kalumphira pa tsamba lina lapafupi.

Ntchentche izi nzazing'ono ndithu. Zambiri kutalika kwake kuli pakati pa milimita 1 ndi mamilimita 9, ndiko kunena kuti zina sizifika pa njere ya mawere, ndipo zazikulu zingopitirira pang'ono njere ya mpunga. Zina nzobiriwira, zina nzonga mkuwa, zina nzotuwa, ndi zina zachikasu.

Siziluma munthu kapena chiweto. Chakudya chake ndi tizilombo tofewa, monga nsabwe za m'masamba, nyongolotsi zazing'ono za m'matope, ndi mphutsi za udzudzu. Ntchentche igwira kachilomboko ndi milomo yake iwiri, nikafinya, niyamwa madzi a m'thupi mwake. Mazira iikira pamalo achinyezi, monga m'matope, m'masamba owola, kapena pansi pa makungwa a mitengo. Mphutsi zake nazonso zambiri zidya tizilombo tinzake.

Kusanja Zamoyo

Zamoyo za m'dziko lapansi nzochuluka, kotero kuti munthu sangathe kuzikumbukira popanda kuzisanja. Mayi akakolola sathira chimanga, nyemba ndi mtedza pamodzi. Chilichonse achiika pamalo pake, kuti achipeze msanga tsiku lochifuna. Momwemonso anthu a maphunziro asanja zamoyo monga mwa chibale chake.

Amene anakonza njira imene titsata mpaka lero ndiye Carl Linnaeus wa ku Sweden. M'chaka cha 1758 iye anatulutsa buku momwe nyama iliyonse inali ndi mayina awiri a Chilatini. Dzina loyamba ndi la banja, lachiwiri ndi la mtundu. Nzofanana ndi kwathu kuno, kumene munthu ali ndi dzina lakelake pamodzi ndi mfunda wake, Banda kapena Phiri, umene ali nawo pamodzi ndi abale ake. Kusiyana kwake nkwakuti pa zamoyo mfunda ndiwo utsogola. Chotero ntchentche ya m'nyumba itchedwa Musca domestica, ndipo dzinali nlimodzimodzi ku Lusaka, ku London ndi ku Tokyo.

Mitundu yofanana ipanga banja, mabanja ofanana apanga fuko, ndipo mafuko ofanana apanga gulu. Ntchentche zonse zili m'gulu lotchedwa Diptera, ndiko kunena za mapiko awiri. M'gulu ili muli mitundu yoposa 150,000 imene inapatsidwa kale mayina. Udzudzu ndi kashembe ali momwemo, yense m'fuko lake.

Fuko la ntchentche zathuzi litchedwa Dolichopodidae. Dzinali lichokera ku mawu awiri a Chigiriki, lina lotanthauza chachitali, lina lotanthauza phazi. Pierre André Latreille wa ku France ndiye anatcha banja la Dolichopus m'chaka cha 1796, natchanso fuko lonse m'chaka cha 1809. Tsopano m'fuko ili mwapezeka mitundu yoposa 7,000, yogawika m'mabanja oposa 200. Banja la Dolichopus lokha lili ndi mitundu ngati 600, ndipo yambiri ikhala ku maiko ozizira akumpoto.

Mafunso Oyamba

Tsono tiyese kuti mwagwira kachilombo, ndipo mufuna kukadziwa. Musathamangire dzina. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Yambani ndi mafunso aakulu, aang'ono abwere pambuyo.

Funso loyamba ndi ili: kodi ndi ntchentche? Werengani mapiko. Njuchi, mavu ndi agulugufe ali ndi mapiko anayi, koma ntchentche ili ndi awiri okha. Kumbuyo kwa mapikowo muona tinthu tiwiri tonga tizibonga, timene tithandiza ntchentche kuti isapendekeke pouluka. Mukaona mapiko awiri ndi tizibonga tiwiri, mwalowa m'gulu la Diptera.

Funso lachiwiri: kodi ndi ya fuko liti? Apa ambiri asokera, pakuti ayang'ana chinthu chimodzi chokha. Wina aona miyendo yaitali nati, ndi udzudzu. Koma udzudzu uli ndi mlomo wautali ngati singano, tinyanga ta mfundo zambiri, ndi timamba pa mapiko; pamene ntchentche yathuyi ili ndi mlomo waufupi, mapiko opanda timamba, ndi tinyanga ta mfundo zitatu zokha, pa mfundo yachitatu pali katsitsi kamodzi. Wina aona kubiriwira nati, ndi mwana wa ntchentche zija zotera pa nyama yowola. Izi siziri zoona, chifukwa ntchentche ikatuluka ndi mapiko sikulanso. Yaing'ono ikhala yaing'ono mpaka imfa yake. Ndiponso zija za pa nyama nzonenepa, za miyendo yaifupi.

Mboni yokhulupirika koposa ndiyo phiko. Mukaliyang'ana ndi galasi lokuza zinthu, muona mitsempha yonga ya pa tsamba, imene igawa phiko m'tizipinda. Fuko lililonse lili ndi kayalidwe kake ka mitsempha. Pa phiko la kashembe pali kachipinda kooneka ngati nkhwangwa, ndipo ndi kameneka anthu amzindikira. Pa phiko la ntchentche ya miyendo yaitali mitsempha njowerengeka, ndipo iyenda pafupifupi mowongoka kufikira kunsonga. Tizipinda tiwiri ta pakati, timene pa ntchentche zina tili ndi khoma lotilekanitsa, pano talumikizana kukhala chipinda chimodzi chachitali. Mukaona phiko lotere pamodzi ndi tinyanga tija, mwalipeza fuko.

Chifungulo

Polowa m'kati mwa fuko, anthu a maphunziro agwiritsa ntchito chimene achitcha chifungulo. Si chachitsulo ayi, koma ndi mndandanda wa mafunso olembedwa m'buku. Funso lililonse lili ngati mphambano ya njira ziwiri. Mukayankha bwino, njira ikufikitsani pa mphambano ina, kufikira mutafika pa dzina. Koma mukalakwa pa mphambano yoyamba, ngakhale muyende bwino pa zotsalazo, mudzafika kumudzi kwa eni.

Chifungulo chenicheni chili ndi mafunso ambirimbiri. Pano tionapo anayi okha, kuti mumvetse kayendedwe kake.

Loyamba: kodi pamwamba pa mutu, pakati pa maso awiri, mpolowa ngati chigwa pakati pa mapiri, ndipo mtsempha wachinayi wa phiko uli ndi mphanda? Ngati nditero, ntchentcheyo ndi ya mwa abale a Sciapus, Chrysosoma ndi Condylostylus. Izi ndizo zikonda masamba a padzuwa, ndipo nzochuluka m'maiko otentha monga athu ano. Ngati sitero, pitani ku funso lachiwiri.

Lachiwiri: kodi ntchafu za miyendo yakutsogolo nzonenepa, zokhala ndi minga kunsi kwake? Ngati nditero, muyandikira banja la Hydrophorus. Izi ziyenda pamwamba pa madzi a m'zithaphwi osamira, ndipo mingayo ndiyo zigwirira mphutsi za m'madzi. Ngati sitero, pitani ku lachitatu.

Lachitatu: phazi la ntchentche lili ndi mfundo zisanu. Kodi mfundo yoyamba ya phazi lakumbuyo ili ndi tsitsi lolimba pamwamba pake? Ngati nditero, muyandikira banja la Dolichopus. Ngati sitero, pitani ku lachinayi.

Lachinayi: kodi msana ngophwatalala chakumbuyo, ndipo mtsempha wachitatu ndi wachinayi iyandikizana pofika kunsonga ya phiko? Ngati nditero, muyandikira banja la Medetera. Izi zambiri nzotuwa, ndipo ziima pa thunthu la mtengo kapena pa khoma, mutu uli m'mwamba, chifuwa chitatalikira pang'ono, monga aimira gogomole.

Taonani kuti m'mafunso onsewa mulibe lofunsa za kukongola kapena kuwala kwa thupi. Kuwala kusintha monga mwa dzuwa, ndipo ntchentche ikafa kuzilala. Koma mitsempha, minga ndi mfundo zikhala momwemo zaka zambiri.

Kufika pa Mtundu

Kupeza banja ndi theka chabe la ulendo. M'banja limodzi mungakhale mitundu mazana, yofanana ngati mapasa. Pamenepa chithandizo chichokera kwa zazimuna.

Ntchentche yaimuna ya fuko ili kawirikawiri ili ndi zokometsera zimene yaikazi ilibe. Ina ili ndi phazi lotambalala ngati kambendera, ina ili ndi tsitsi loyalana ngati nthenga, ina ili ndi banga pa phiko. Izi izionetsa pamaso pa yaikazi poifunsira, monga wovina aonetsa zovala zake pabwalo. Mtundu uliwonse uli ndi chokometsera chake, ndipo potero yaikazi idziwa yaimuna ya mtundu wake. Ku Ulaya kuli mtundu wotchedwa Poecilobothrus nobilitatus, umene yaimuna yake ili ndi mapiko oderako a nsonga zoyera, ndipo iwakupiza pamaso pa yaikazi pa matope a m'mbali mwa thamanda. Kulinso Dolichopus plumipes, umene yaimuna yake ili ndi kanthenga pa phazi la mwendo wapakati. Ndiponso kumapeto kwa mimba ya yaimuna kuli ziwalo zoberekera, zazikulu, zopindikira kunsi kwa thupi. Maumbidwe ake asiyana mtundu ndi mtundu, kotero kuti mitundu iwiri ikafanana pa zonse, anthu a maphunziro ayang'ana pamenepo ndi galasi lamphamvu, najambula chimene aona.

Zokometsera zina nzodabwitsa, mwakuti zinasokoneza ngakhale akatswiri. M'chaka cha 1845 Hermann Loew, Mjeremani amene anali mphunzitsi wa sukulu, analemba za mtundu watsopano umene lero utchedwa Campsicnemus magius. Miyendo yakutsogolo ya yaimuna inali yopotoka, yokhala ndi tinthambi ndi tizingwe tolendewera. Katswiri mnzake, dzina lake Gerstaecker, anamdzudzula kuti walemba za ntchentche yodwala, imene nkhungu inamera pa miyendo yake. Koma anthu ena atagwira zazimuna zina, anapeza kuti zonse zili ndi miyendo yotero, ndipo Loew anapezeka wolungama. Nkhaniyi itiphunzitsa lamulo lalikulu la ntchito iyi: ntchentche imodzi siikwana kuweruzira mlandu. Chimene chioneka pa imodzi yokha chingakhale chilema. Chimene chioneka pa zonse ndicho chizindikiro cha mtundu.

Kugwira, Kusunga ndi Kulemba

Ofufuza agwira ntchentchezi ndi kaukonde kofewa, kamene akakokera pa udzu wa m'mbali mwa madzi. Njira ina ndiyo kuika pansi mbale zachikasu kapena zoyera, zothiramo madzi ndi sopo pang'ono; ntchentche zikopeka ndi mbaleyo, nizigwera m'madzi. Zogwidwazo azibaya ndi kasingano kowonda kwambiri, kapena aziika m'kabotolo ka sipiriti. Pa iliyonse aikapo kapepala konena malo, tsiku, ndi dzina la woigwira. Ntchentche yopanda kapepala ili ngati kalata yopanda keyala: palibe adziwa kumene ichokera.

Munthu akapeza mtundu umene sunalembedwe, aufotokoza m'buku, naujambula, naupatsa dzina. Asankhanso ntchentche imodzi kuti ikhale chitsanzo cha dzinalo, ndipo isungidwa m'nyumba yosungiramo zachilengedwe, monga Natural History Museum ya ku London. Pakabuka mkangano, anthu abwerera ku chitsanzocho. Zikachitika kuti anthu awiri atcha mtundu umodzi mayina awiri, lamulo likuti dzina loyamba kusindikizidwa ndilo liime.

Zazikazi zivuta kuzindikira, popeza zilibe zokometsera, ndipo mphutsi zivuta koposa. Koma m'chaka cha 2003 Paul Hebert wa ku Canada ndi anzake anaonetsa njira yatsopano. M'thupi la chamoyo chilichonse muli chinthu chotchedwa DNA, chimene mwana atengera kwa makolo ake. Makina awerenga kachigawo kake kuchokera pa mwendo umodzi wa ntchentche, ndipo pofananiza zowerengedwazo munthu angathe kudziwa kuti yaikazi iyi, yaimuna iyi ndi mphutsi iyi ndi mtundu umodzi. Komabe makina sapatsa dzina. Afunika munthu amene anayamba wayang'ana ndi maso nalemba.

Mu Africa, kumwera kwa chipululu cha Sahara pamodzi ndi zisumbu zapafupi, mwalembedwa mitundu yoposa 700 ya fuko ili, ndipo yatsopano ipezekabe. M'chaka cha 2017 ku Pretoria kunasindikizidwa buku lalikulu la ntchentche za mu Africa, momwe Igor Grichanov wa ku Russia ndi Scott Brooks wa ku Canada analembamo chifungulo cha mabanja a fuko ili.

Phindu la Kudziwa Dzina

Kapena wina afunsa, nanga kuvutika konseku nkwa chiyani, pa kanthu kosafika pa njere ya mpunga? Tiyeni tione zitsanzo zitatu.

Choyamba chili m'nkhalango. Pali tizilombo toboola makungwa a mitengo, timene tipha mitengo yambiri ya paini ku Ulaya ndi ku America. Mphutsi za Medetera zilowa m'tinjira ta tizilomboto, nizidya ana ake. Woyang'anira nkhalango amene adziwa Medetera adziwa kuti ali ndi mthandizi wosalira malipiro, ndipo asamala pothira mankhwala kuti angaphe bwenzi pamodzi ndi mdani.

Chachiwiri chikhudza namasupuni, chomera chija choyandama chimene chitseka madzi a mtsinje wa Shire, nichivuta asodzi ndi opalasa mabwato. Kwawo kwa namasupuni ndi ku South America. Kumeneko kuli ntchentche za banja la Thrypticus, zimene zisiyana ndi abale ake pa chinthu chimodzi: mphutsi zake sizidya tizilombo, koma ziboola mapesi a zomera za m'madzi. M'chaka cha 2004 Daniel Bickel ndi Cristina Hernández analemba za mitundu yatsopano ya Thrypticus imene inatuluka m'mapesi a namasupuni ndi a zomera za chibale chake, ndipo ku Argentina anaiyesa kuti aone ngati ingathandize kufooketsa chomeracho. Ntchito yotere siitheka popanda kudziwa mtundu weniweni. Kachilombo kasanatengedwe kupita ku dziko lina, anthu ayenera kutsimikiza kuti ndi komwe kadya chomera choipacho, osati mbale wake wofanana naye amene adya zina.

Chachitatu nchachisoni. Pa zisumbu za Hawaii, pakati pa nyanja ya Pacific, pali mitundu yoposa 150 ya banja la Campsicnemus, imene siipezeka kwina kulikonse. Pa phiri la Tantalus, pafupi ndi mzinda wa Honolulu, panali ntchentche ina ya chibale chomwecho imene sinkauluka, pakuti mapiko ake anali owonda ngati timinga. Inkangothamanga pa masamba ogwa pansi. Percy Grimshaw anailemba m'chaka cha 1902, naitcha Emperoptera mirabilis. Pambuyo pake anthu anaifunafuna pa phiri lomwelo osaipezanso, ndipo tsopano iwerengedwa pakati pa zamoyo zimene zinatha. Akatswiri aganiza kuti nyerere zachilendo, zimene zinafika ndi katundu wa m'zombo, ndizo zinaimaliza. Tidziwa kuti inaliko chifukwa munthu anaigwira, naisunga, nailemba. Nkhalango ikapsa kapena dambo likauma, mitundu imene sinalembedwe itha popanda ndi mmodzi yemwe woidziwa.

Chifukwa chake, ana inu, zolowerani kuyang'ana musanaweruze. Ntchentche ya m'nyumba muiingitse pa chakudya, ndipo muvundikire mbale zanu, pakuti ndiyo ibweretsa matenda. Koma kantchentche konyezimira ka pa tsamba mukasiye kagwire ntchito yake. Amene ali ndi kope alembe tsiku ndi malo pamene wakaona, kaya pa tsamba, pa thunthu la mtengo, kapena pamwamba pa madzi, ndipo ajambule phiko lake monga momwe aliona, wosaonjeza kanthu. Umu ndimo anayambira Linnaeus, Latreille ndi Loew.

Mafunso

1. Tchulani zinthu ziwiri zimene zisonyeza kuti kachilombo kali m'gulu la Diptera.
2. Kodi ntchentche ya miyendo yaitali isiyana bwanji ndi udzudzu?
3. Chifukwa ninji chifungulo sichifunsa za kuwala kwa thupi?
4. Gerstaecker analakwa potani, ndipo cholakwacho chinaoneka bwanji?
5. Pa kapepala ka ntchentche yosungidwa palembedwa zinthu ziti?